MWANA WOPANDA KWAWO AKAFIKA PA YUNIVESITE: ZIMENE AMACHITA KU BRITAIN

Wolemba Mtolankhani Wathu

Pali funso limodzi limene ndikufuna kuti tifunsane lero, inu amayi a tomato ndi anyezi mu msika wa Limbe, inu madoda a kaunjika ku Tsoka mu Lilongwe, ndi inu a usipa ku Mzuzu. Sukulu ya ukachenjede ikatsekera, ophunzira nkuuzidwa kuti atulutse katundu wawo m'zipinda zogona, mwana amene alibe kwawo amalowera kuti?

Ambirife za fizi timazidziwa bwino, pakuti zimatuluka pa benchi pomwepa. Za thiransipoti, sopo ndi ndalama ya m'thumba timazidziwanso. Koma timangoti mwana aliyense ali ndi khomo loti akagogode sukulu ikatsekera. Abale inu, si onse. Alipo ana anzeru amene anakulira kumalo osungirako ana amasiye, ndipo alipo ena amene makolo awo ali moyo ndithu koma anawauza kuti pakhomo pano usadzapondenso.

Vuto limeneli si lathu lokha ayi. Ku Britain, dziko la ndalama lija, akhala akulimbana nalo kwa zaka zoposa 20, ndipo zina mwa njira zimene apeza ndaona kuti nzoyenera kuti muzimve, inu amene mumaphunzitsa ana, anu ndi a eni ake, ndi phindu la geni.

MAGULU AWIRI

Kumeneko ana otere anawagawa pawiri. Gulu loyamba ndi la amene analeredwa ndi boma. Makolo akamwalira, akamazunza mwana, kapena akalephera kumusamala kaamba ka matenda, mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, khonsolo ya deralo imamutenga mwanayo nkukamupereka ku banja lina loti limulere, kapena ku nyumba yosungirako ana. Mu England mokha muli ana opitirira 80,000 oleredwa motere, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse ali m'mabanja olera. Akakwanitsa zaka 18, lamulo limati akula tsopano. Awa ndiwo pa Chingerezi amawatcha care leavers, kapena care experienced.

Gulu lachiwiri ndi la amene anadukana ndi makolo awo. Awa amawatcha estranged students. Boma silinawalerepo, alibe fayilo ku khonsolo, alibe wa zachisamaliro cha anthu wowayendera. Wina anathawa nkhanza, wina anakana ukwati wokakamiza, wina anasiya chipembedzo cha makolo, wina makolo sanagwirizane ndi munthu amene amamukonda, wina anapirikitsidwa ndi bambo kapena mayi womupeza. Ngati mwakhalitsa mu msika, nkhani zoterezi si zachilendo kwa inu. Ena mwa anyamata onyamula katundu aja anafika m'tauni mwa njira yomweyi.

CHIWERENGERO CHOCHITITSA MANYAZI

Mu 2005 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa By Degrees, amene anatsogolera ndi Pulofesa Sonia Jackson wa ku London. Iye ndi anzake anatsatira ophunzira 129 oleredwa ndi boma amene anakwanitsa kufika pa yunivesite. Anapeza kuti nzeru anawo anali nazo, koma zowagwetsa zinali zinthu zimene mwana wa makolo saziganizira nkomwe: kusowa kogona nthawi ya holide, kusowa wowauza za mafomu, kuchepa kwa ndalama, ndi kusungulumwa.

Kafukufukuyu anagwedeza akuluakulu. Mu 2006 bungwe la Frank Buttle Trust linayamba kupereka chizindikiro cha ulemu kwa mayunivesite osamala bwino ana otere. Mu 2008 bungwe la UCAS, limene limalandira mafomu a onse ofuna malo pa yunivesite, linaika kabokosi pa fomu koti mwana achonge ngati analeredwa ndi boma, kuti sukulu idziwiretu asanafike. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lokakamiza makhonsolo a mu England kupereka mapaundi 2,000 kwa mwana aliyense amene anamulera akalowa yunivesite. Iyi si ngongole, sabweza.

Komabe mtunda ukadalipo. Malinga ndi chiwerengero cha unduna wa zamaphunziro ku England cha chaka cha 2021/22, mwa ana 100 aliwonse oleredwa ndi boma, 14 okha ndiwo anali atalowa maphunziro a ukachenjede pofika zaka 19. Mwa ana ena onse, anali 47. Ndipo kafukufuku wina wa mu 2017, wa Dr Neil Harrison, anasonyeza kuti amene alowawo amasiyira panjira mochuluka kuposa anzawo, ngakhale anzawo amene analowa ndi magiredi ofanana nawo. Kulowa ndi nkhondo ina, kumaliza ndi nkhondo inanso.

NDALAMA ZIMAYENDA BWANJI

Tsono tikambe za ndalama, pakuti apa mpamene inu a geni mumatchera khutu. Ku England fizi ya pa yunivesite inali mapaundi 9,250 pa chaka kuyambira mu 2017, ndipo mu 2025 inakwera kufika pa 9,535. Mwana wa m'dzikomo satulutsa ndalamayi m'thumba. Boma limamukongoza, komanso limamukongoza ina ya chakudya ndi lendi.

Ngongole yake si ya katapila ayi. Amene anayamba sukulu mu 2023, malamulo awo anati adzayamba kubweza pokhapokha malipiro awo atapitirira mapaundi 25,000 pa chaka, ndipo amadulidwa 9 peresenti ya ndalama yapamwamba pa mlingowo basi. Zaka 40 zikatha, yotsalayo imakhululukidwa. Palibe wobwera kudzanyamula mbale kapena wailesi.

Koma msampha uli apa. Ngongole ya chakudya ndi lendi ija imayezedwa ndi chuma cha makolo. Makolo akakhala opeza bwino, mwana amapatsidwa yochepa, chifukwa boma limati otsalawo awonjezera ndi bambo. Nanga bambowo akakhala kuti anamukana mwanayo? Ndiye kuti mwana akulangidwa chifukwa cha chuma chimene sadzachilawa. Nchifukwa chake anaika lamulo loti wophunzira wosafika zaka 25 amene anadukana ndi makolo ake ayezedwe payekha, makolo osawerengedwa, ndipo motero amatha kulandira ndalama yonse yathunthu. Oleredwa ndi boma nawonso amayezedwa paokha.

Kuti zimenezi zitheke pamafunika umboni. Kawirikawiri amafuna kuti pakhale patatha miyezi 12 mwanayo osalankhulana ndi makolo, ndipo munthu wodalirika amene si wachibale, monga mphunzitsi, dokotala kapena wa zachisamaliro cha anthu, alembe kalata yoikira kumbuyo. Taganizani nokha kuwawa kwake. Mwana amene wakhala akubisa manyazi a pakhomo pawo ayenera kuwavundukula kwa mlendo kuti apeze ya nsima. Ambiri amangokhala chete, nkumavutika.

Amene anaimirira ana a gulu limeneli ndi mayi wina, Becca Bland, yemwenso anadukana ndi makolo ake. Mu 2012 anayambitsa bungwe la Stand Alone, ndipo mu 2016 bungweli linayamba kupempha mayunivesite kuti asaine lonjezo lothandiza ophunzira otere pa zinthu monga ndalama, malo ogona ndi uphungu wa maganizo. Mayunivesite ambiri anasaina. Kuyambira ndi olowa mu 2023, fomu ya UCAS ija ili ndi funso la iwowanso. Bungwe la Stand Alone linatsekedwa mu 2024, koma mbewu imene linafesa inamera.

DENGA LA MASIKU 365

Chinthu chimene chinandigwira mtima kwambiri pa nkhani yonseyi si ndalama ayi, koma chipinda. Mayunivesite ambiri ku Britain amalonjeza ophunzira a magulu awiriwa malo ogona a masiku 365 pa chaka. Anzawo akamalongedza kupita kwawo pa Khrisimasi kapena pa holide yaitali ya pakati pa chaka, iwo kiyi amakhala nayo. Chipindacho ndiye kwawo.

Palinso bungwe la Unite Foundation, limene linayamba mu 2012, lomwe limasankha ophunzira ena nkuwalipirira chipinda, magetsi ndi madzi kwa zaka zofika zitatu. Malo ake ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna, koma amene wawapeza amaphunzira mtima uli m'malo.

Vuto lina ndi la womuimira. Eni nyumba kumeneko salola wophunzira kulowa popanda munthu wa ndalama wosaina kuti mwanayu akalephera lendi ndidzalipira ndine. Inu mukudziwa mmene zimakhalira pooda katundu pa ngongole, kuti popanda wokudziwa sakupatsa ngakhale thumba limodzi. Mwana wopanda makolo amusainira ndani? Tsono mayunivesite ena anavomera kukhala womuimira iwo eni.

Ndipo m'masukulu ambiri muli munthu mmodzi, wodziwika ndi dzina, amene ntchito yake ndi kuyang'anira ophunzira amenewa. Mwana safunika kufotokoza mbiri yake mu ofesi iliyonse, kuyambiranso pachiyambi ngati kaseti. Amapita kwa munthu mmodziyo. Masukulu ena amafika pomugulira zofunda ndi ziwiya za kukhitchini tsiku lofika, ndi kumulipirira mkanjo wa tsiku lolandira digiri. Zikuoneka zazing'ono, koma funsani mwana amene anafika pa geti ndi jumbo yokha pamene anzake akutsitsa masutikesi m'galimoto za makolo.

Boma nalo linasintha malamulo ena. Kuyambira mu 2014 mwana wa mu England angathe kukhalabe ndi banja lomulera mpaka zaka 21 ngati onse agwirizana. Lamulo la mu 2017 linati aliyense woleredwa ndi boma ali ndi ufulu wokhala ndi mlangizi wa ku khonsolo mpaka zaka 25.

A SCOTLAND ANAPITIRIRA APO

Anzathu a ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone, kumene kuli Blantyre woyamba amene mzinda wathu unatengerako dzina, anafika patali kuposa a England. Lamulo lawo la ana ndi achinyamata la mu 2014 linatchula mabungwe a boma amene ayenera kukhala ngati kholo kwa mwana woleredwa ndi boma. Pa mndandandawo pali makhonsolo, a zaumoyo, apolisi, makoleji ndi mayunivesite. Si chifundo ayi, ndi udindo. Sukulu iyenera kulemba ndondomeko ya mmene ithandizire ana otere ndi kupereka lipoti.

Mu 2017 boma la Scotland, motsogozedwa ndi Nicola Sturgeon, linayamba kupereka ndalama yosabweza kwa ophunzira oleredwa ndi boma. Inayamba ndi mapaundi 7,625 pa chaka, ndipo mu 2023 inafika pa 9,000. Poyamba inali ya osafika zaka 26, koma mu 2020 malirewo anachotsedwa, atazindikira kuti ambiri mwa anthu amenewa amabwerera ku sukulu atakula, moyo utayamba wakhazikika. Kumbukiraninso kuti mwana wa ku Scotland akamaphunzira konko, fizi imalipiridwa ndi boma.

Mu 2019 mayunivesite a ku Scotland anagwirizana chinthu china chachikulu. Anati mwana woleredwa ndi boma akangokwanitsa magiredi ochepetsetsa ofunika pa maphunziro amene akufuna, malo apatsidwe, osamupikisanitsa ndi anzake. Maganizo awo ndi akuti mwana amene wasinthidwa nyumba ndi sukulu kangapo, nkukhozabe, waonetsa kale mphamvu zimene pepala la mayeso silingathe kuyeza. Wina anganene kuti uku nkukondera. Ine ndikuti amene wathamanga mtunda womwewo atasenza thumba la chimanga, simungamuyeze ndi wotchi imodzi ndi amene anathamanga chimanjamanja.

MWANA WA MAYI WA KU ETHIOPIA

Pa nkhani imeneyi pali dzina limodzi lodziwika ku Britain konse, la mlakatuli Lemn Sissay. Mayi ake anachokera ku Ethiopia, ndipo iye anabadwa mu 1967 pafupi ndi tauni ya Wigan. Anatengedwa ali khanda nkupatsidwa dzina loti Norman. Banja lomulera linamubweza ali ndi zaka 12, ndipo anakulira m'nyumba zosungirako ana. Dzina lake lenileni analidziwa atatsala pang'ono kutuluka m'manja mwa boma, pamodzi ndi kalata yosonyeza kuti mayi ake anapemphapo kuti awabwezere mwana wawo.

Mwana yemweyo mu 2015 anasankhidwa kukhala Chansala wa University of Manchester, mpando umene anakhalapo mpaka mu 2022. Mu 2013 anayambitsa phwando la nkhomaliro ya pa Khrisimasi la achinyamata oleredwa ndi boma mu mzinda wa Manchester, kuti pa tsikulo pasapezeke wodya yekha, ndipo mwambowu unafalikira m'mizinda ina. Mbiri yake anailemba m'buku la My Name Is Why la mu 2019. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Dziko limene linamutaya lija likudya naye lero.

SI ZONSE ZILI BWINO

Ndisakunamizeni kuti kumeneko nkumwamba. Thandizo limasiyana sukulu ndi sukulu, khonsolo ndi khonsolo, moti ana awiri a mavuto ofanana amatha kulandira zosiyana kutalitali. Musathamangirenso kuwerengera mapaundi aja mu makwacha nkuyamba kuwasirira, chifukwa lendi ya chipinda chimodzi m'mizinda ngati London kapena Edinburgh imameza gawo lalikulu la ndalamazo. Ambiri amagwira maganyu m'masitolo ndi m'malesitilanti usiku kuti akwanitse.

Odukana ndi makolo ndiwo ali pa mavuto oposa, pakuti palibe khonsolo imene lamulo limaikakamiza kuwasamala. Ndipo ena amaopa kuchonga kabokosi kaja poganiza kuti sukulu iwakana ikadziwa mbiri yawo, chonsecho cholinga chake nchoti athandizidwe.

CHENJERANI NDI AKAMBEREMBERE

Apa ndiime kaye ndikuchenjezeni. Thandizo lonse ndafotokozali ndi la ana okhazikika m'dziko la Britain mwa lamulo. Mwana wamasiye wochokera kuno sangangokwera ndege nkukalilandira. Wophunzira wochokera kunja amalipira fizi yokwera kwambiri ndipo ngongole ya boma ija sapatsidwa. Tsono wina akabwera pa benchi panu ndi mapepala okongola, nkumati perekani mpamba wanu ndimupezere mwana wamasiyeyu sukulu yaulere ku London, gwirani chikwama chanu zolimba.

Koma kwa inu amene muli ndi abale ku Britain, uthengawu ngwanu ndithu. Ana a Amalawi obadwira kapena okulira kumeneko nawonso ena amagwera m'manja mwa makhonsolo, ena amayambana ndi makolo mpaka kudukana. Ngati mdzukulu wanu ali mu gulu limeneli, muuzeni pa foni kuti asachite manyazi. Achonge kabokosi, afunse za munthu woyang'anira ophunzira otere pa sukulu imene akufuna, afunsenso za chipinda cha chaka chonse asanasankhe.

NANGA KWATHU KUNO?

Kuno khonsolo yolera ana amasiye ndi inuyo. Edzi itatha anthu m'zaka za m'ma 1990, amene anatola ana otsala ndi agogo, azakhali, amalume, ndi amayi a mu msika amene lero akudyetsa pakamwa pasanu ndi phindu la dengu limodzi. Ena anakulira m'malo ngati a SOS ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, kapena m'nyumba za mipingo. Ena anachotsedwa m'nyumba ya bambo wawo maliro asanazizire, ngakhale lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limati kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu.

Mwana wotere akasankhidwa kupita ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST kapena Mzuni, timaimba nthungululu tsiku limodzi, mawa lake mutu nkuyamba kuwawa. Kuyambira mu 2015 tili ndi bungwe la boma lokongoza ophunzira osowa, la Higher Education Students' Loans and Grants Board, ndipo lathandiza ambiri. Koma malo ogona pa masukulu athu ndi ochepa, moti ophunzira ambiri amachita lendi kunja, monga ku Chikanda mu Zomba. Ndipo chaka ndi chaka timamva za ana osiya sukulu kaamba kosowa fizi ndi chakudya.

Sindikunena kuti boma lathu lipereke mapaundi 9,000. Tonse tikudziwa mmene thumba lathu lilili. Koma taonani bwino zimene a Britain anachita, muona kuti zina sizifuna ndalama zambiri. Funso limodzi pa fomu, loti kodi uli ndi kwanu kopita sukulu ikatsekera, silifuna thandizo la maiko akunja. Kusankha munthu mmodzi pa sukulu iliyonse woti ana otere azimudziwa ndi dzina sikufuna nyumba ya malamulo. Kuika ana opanda kwawo patsogolo pogawa mabedi, ndi kusiya zipinda zingapo zotsekula nthawi ya holide, ndi nkhani ya akuluakulu a sukulu kukhala pansi tsiku limodzi. Dziko lathu lili pa ubale ndi Scotland, umene Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell anasainirana mu 2005. Ngati timaphunzirana za chipatala ndi ulimi, chingatiletse nchiyani kufunsako za ichi?

Aphungu akamabwera mu msika kudzagawa nsalu ndi malonjezo, afunseni mafunso amenewa. Afunseni kuti ndi ophunzira angati pa mayunivesite athu amene alibe kholo kapena womuyang'anira, ndipo amagona kuti mu Disembala. Amene sawerengedwa sathandizidwa. A Britain anayamba ndi kuwerenga, chiwerengero chitawachititsa manyazi mpamene anayamba kusuntha.

Ndipo ifenso tisadikire boma pa zonse. Mu msika muli makomiti, muli chipereganyu, muli banki m'khonde, muli thumba la maliro limene sililephera. Timasonkha msanga munthu akafa. Mzere umodzi wa mabenchi utagwirizana kutenga wophunzira mmodzi wopanda kwawo, wina kumupatsa pogona pa holide, wina ganyu yogulitsa pa benchi, wina ufa ndi ndiwo za mwezi, wina kumuimbira foni kumufunsa za mayeso, mwanayo angamalize. Mutu umodzi susenza denga. Nkhaniyi muikambe pa msonkhano wa komiti sabata ino, ndipo mutilembere kuno ku nyuzipepala yanu kutiuza zimene mwagwirizana.